Uthenga Unandipeza Pansi pa Nsanja

Anthu akamva kuti ndinagwirapo ntchito ku wailesi ya boma, amandiyang'ana kukamwa, kuyesa kukumbukira ngati mawu angawa anawamvapo. Ndimawauza kuti asavutike. Ine maikolofoni sindinaigwirepo. Malo anga anali kunsanja, kumene kumakhala makina otenga mawu ochokera ku situdiyo n'kuwaponya mumlengalenga kuti akafike m'mawailesi a anthu. Makinawo timawatcha transimita.

Ananditumiza ku Lilongwe ukwati wanga utangotha kumene ku Blantyre. Sindinakane, ndinkafuna malo oti munthu asandifunse kanthu, ndipo ndinawapezadi. Nsanjayo inali kumapeto kwa mayadi, pamene msewu wa tala unkathera. Ndikatsika minibasi ndinkayenda wapansi m'mbali mwa mipanda italiitali ya njerwa, yondilonjera ali agalu okhaokha ouwira kuseri kwa mageti. Eni nyumbazo sindinkawaona. Ndinkangopatukira magalimoto awo akamatuluka, magalasi ali chitsekere, kulowera ku City Centre ndi ku Capital Hill. Kuseri kwa nyumba yomaliza kunali kathengo, kenako mpanda wa waya, kanyumba ka mlonda, nyumba ya makina yopanda zenera, ndi nsanjayo, yopakidwa utoto wofiira ndi woyera. Inali yokungidwa ndi zingwe zachitsulo mbali zonse, ndipo mphepo ikaomba zingwezo zinkalira.

M'nyumba ya makinamo munkazizira chaka chonse, chifukwa transimita imadana ndi kutentha. Ndinkavala juzi ngakhale mu Okutobala, anthu kunja akusamba thukuta. Makinawo anali ngati makabati achitsulo ondandalikana kukhoma, mafani ake akung'ung'uza osapuma. Ine yanga inali kuyang'ana timasingano ta pamamita, kukuntha fumbi m'masefa, kuyatsa jenereta magetsi akazima, ndi kuonetsetsa kuti nyali zofiira za pamwamba pa nsanja zikuyaka kuti ndege ziziiona. Pakhoma panali kasipika. Lamulo linali loti kasazimitsidwe, chifukwa ndi kamene kankatiuza ngati mawu akutuluka bwino. Choncho ndinkamva zonse: nkhani, malangizo a alimi, makwaya, mpira, anthu opatsana moni m'maboma onse. Tsiku lathunthu anthu ankayankhula m'khutu mwanga, koma woyankhula ndi ine panalibe.

Tinali awiri osinthana. Mnzangayo, bambo wa ana ake wokhala kutsidya lina la mzinda, ankalowa madzulo ine ndikutuluka. Tinkakumana pakhomo.

"Zili bwanji m'katimo, achemwali?"

"Zili bwino, koma fani ya kumanzere ikuchita phokoso."

"Chabwino, muyende bwino."

Macheza athu ankathera pomwepo. Panalinso mlonda wa usana, bambo wachikulire wogontha khutu limodzi, amene ankalima kadimba ka mpiru m'mphepete mwa mpanda. Ankandivulira chipewa m'mawa, n'kundivuliranso madzulo.

Pogona ndinapeza ku Old Town, mu Area 1, kuseri kwa mashopu. Kumeneko anthu ndi piringupiringu kuyambira m'mamawa: onyamula katundu, ogulitsa zovala, okhoma zidebe, oitanira minibasi. Ndinkadutsa pakati pawo ngati madzi a ngalande. Chipinda changa chinali kumbuyo kwa nyumba ya mayi wina wamasiye wachisilamu, telala, amene ankasokera pakhonde, kawailesi kali pambali pa makina ake. Ana ake aamuna anali ku Joni, wina ku Mangochi. Ine ndinkawatcha Mayi, iwo ankanditcha mwanangu, koma sitinkakhalitsana pansi. Ndinkanyamuka pakhomo a kumsikiti atangomaliza kuitanira mapemphero a m'mawa, ndikabwera ndinkalonjera n'kukadzitsekera. Mwezi wosala kudya ankandiikira mbale ya futali pakhomo. Ndinkadya, kutsuka mbaleyo, n'kukaibweza ndi zikomo wa pakamwa chabe. Iwo sankandikakamiza.

Wanga weniweni anali mayi anga ondibala, kumudzi ku Ntchisi. Bambo anatisiya kalekale, ndipo mwa ana awo ndinatsala ndekha. Foni analibe. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ndinkaimbira amalume, mlongo wawo, iwo n'kuwapatsira. Nthawi ina chifuwa chitawavuta ndinawaitanitsa kudzaonana ndi madokotala, ndipo anakhala nane masabata angapo. Ine ndikapita kunsanja ankatsala pakhonde ndi eni nyumba aja. Ndikabwera madzulo ndinkawapeza akuseka, wina akupota ulusi, wina akupalasa makina, ngati anakulira pamodzi. Mayi anga sankanditchula dzina la mwamuna wanga wakale limene linkadziwika kuntchito. Ankandiitana ndi mfunda wa kwathu, mokuwa, mpaka a m'mashopu oyandikana anaudziwa.

Chaka chotsatira, m'kati mwa dzinja, anandisolola foni m'chikwama pokwera minibasi kudepoti. Ndinazindikira nditafika kale kumayadi. Nambala ya amalume inali m'fonimo, pamtima sindinkaidziwa. Kunsanja kunali foni ya pakhoma, koma inkangolumikiza ku ofesi kwathu ku City Centre basi. Ndinadziuza kuti ndigula ina, ndipo ndikapita kumudzi pa Isitala ndikatenganso nambalayo. Lamlungu linadutsa osayankhulana ndi mayi, linanso n'kudutsa.

Tsikulo mvula inayamba m'mamawa, yamvumbi, yosagunda n'komwe. Ndisanavule n'komwe nsapato zonyowa, magetsi anazima. Ndinathamangira kukanyumba ka jenereta, kuiyatsa, kubwerera m'kati, kuona kuti masingano abwerera m'malo mwake. Zinali za masiku onse. Masana ndinadya mbatata yanga yophika nditaimirira, kenako n'kutenga kansanza kuyamba kupukuta pamwamba pa makabati.

Nkhani za masana zitatha, inafika nthawi ya mauthenga a maliro. Woulutsa anali bambo wa mawu okhuthala, odekha, amene ndinkamumva pafupifupi tsiku lililonse ngakhale sindinamuonepo nkhope. Mauthengawo ndinali nditawazolowera ngati phokoso la mafani. Mayina a anthu, mayina a midzi, mafumu, maboma. Dzanja langa linkangopukuta.

Kenako anatchula dzina langa. Osati la kuntchito, koma la ubatizo, ndi la bambo anga, ndi mfunda womwe. Anati uthengawu ukupita kwa mayi ameneyu, amene akugwira ntchito mumzinda wa Lilongwe koma pafoni sakupezeka. Mayi anu amwalira dzulo madzulo. Anatchula mudzi wathu ndi mfumu yathu. Mwambo wa maliro uchitika mawa masana. Watumiza uthengawu ndi malume anu. Aliyense amene wamva ndipo akuwadziwa, chonde awafikitsire.

Anapuma pang'ono, pepala linachita phokoso, n'kuyamba uthenga wina wa ku Salima.

Chimene ndinachita poyamba chimandidabwitsa mpaka lero. Ndinayang'ana mamita. Kasingano kanali kakuvina motsatira mawu a bamboyo, kukwera, kutsika, monga kankachitira ndi nyimbo kapena mitengo ya fodya. Zonse zinali bwino. Mawuwo anatuluka oyera, anakwera chingwe chachikulu chakuda chochokera m'makinamo mpaka pamwamba pa nsanja, anafika m'misika, m'maminibasi, m'makhitchini a m'mayadi omwe ndinadutsa m'mawa. Woulutsayo sakanadziwa kuti dzina limene wawerengalo ndi la mnzake wa pantchito. Kuofesi ndinkadziwika ndi dzina la mwamuna amene ndinasiyana naye.

Ndinakhala pansi pa simenti yozizirayo, kansanza kali m'manja. Misozi sinabwere. Patapita nthawi ndinadzuka n'kuimba ku ofesi. Anayankha bwana wathu wa za makina.

"Bwana, uthenga wa maliro wa ku Ntchisi umene wangoulutsidwawu ndi wanga. Ndi mayi anga."

Bwanayo anati, "Ayi, ayi, ayi. Pepani kwambiri, mayi. Mwamvera pa sipika?"

"Eya, bwana."

"Pepani. Imvani, galimoto yapita ku Dedza ndi anyamata, mphenzi yawononga zinthu kumeneko. Ndimuimbira mnzanuyo abwere msanga. Muli pa jenereta?"

"Kuyambira m'mawa."

Anausa moyo. Tonse tinkadziwa kuti jeneretayo siinali yoisiya yokha. Inali yokalamba, ndipo ikanazima popanda munthu, chigawo chonse chapakati chikanakhala chete.

"Mungapirire pang'ono? Ndichita chilichonse."

"Ndipirira, bwana."

Anandiimbiranso patapita nthawi kundiuza kuti foni ya mnzangayo siikulowa, mwina batire yatha poti magetsi azima mzinda wonse, ndiye watuma munthu kukamufuna kunyumba. Bwanayo anayesetsadi, sindimudandaula.

Chakumasana ndithu jenereta inayamba kutsokomola. Magetsi a m'chipinda anaphethira, mafani n'kusintha kaliridwe. Ndinatuluka pamvula chothamanga. Ndinadziwa kuti ndi madzi alowa m'dizilo, zinkachitika nyengo ya chinyezi. Ndinagwada pamatope, kumasula kabawuti ka pansi pa sefa, madziwo n'kuyamba kudontha m'manja mwanga osakanikirana ndi mafuta. Mlonda uja anabwera ndi ambulera yake yothyoka nthiti n'kundifunditsa. Anaima pamenepo mwaulemu, iyeyo akunyowa. Jenereta inabwerera m'mawu ake. Ndinamanga kabawutiko, ndinakweza maso, n'kunena kuti:

"Bambo, mayi anga amwalira."

Anapendeketsa mutu, kuloza khutu lake, kenako kuloza jenereta.

"Mwati bwanji, madamu?"

Ndinapukusa mutu. "Palibe. Zikomo chifukwa cha ambulera."

Anamwetulira n'kubwerera kukanyumba kake. Ine ndinalowa m'kati, ndinasamba m'manja ndi sopo wa ufa, fungo la dizilo osachoka.

Maola amenewo ndi amene ndimawakumbukira kwambiri. Pa sipika panali pulogalamu ya achinyamata, atsikana akuseka za mayeso. Ndinkayenda kuchoka kukhoma lina kufika lina. Ndinkaganiza za nyumba ya mayi, kuti panopa azimayi adzaza m'katimo, azibambo akhala pansi pa mtengo wa mango, ena apita kukagula matabwa. Onsewo akudziwa kuti mwana wawo mmodzi yekhayo sanafike. Ndinkadzifunsa ngati mayi anafunsa za ine Lamlungu lija, ngati anadikira pakhomo pa amalume atavala zakutchalitchi. Ndinayang'ana batani lochepetsera mawu a sipika, dzanja linafika pomwepo, koma ndinalisiya. Ndikanazimitsa, m'chipindamo mukanatsala mafani okha.

Chakumadzulo anabwereza mauthenga aja. Ulendo uno ndinakhala pampando n'kumvetsera kuyambira woyamba. Kunali gogo wa ku Kasungu, mwana wa ku Mchinji, bambo wochita ngozi panjinga. Aliyense anali ndi wake amene ankafunidwa, wina ku Kawale, wina kumaesiteti a fodya, wina sakudziwika kumene ali. Langa litafika ndinalimva bwinobwino, liwu ndi liwu. Pamenepo m'pamene ndinalira, mokweza, chifukwa panalibe wondimva.

Ndili choncho, ndinamva kugogoda pachitseko chachitsulo. Anali mlonda.

"Madamu, pageti pali mayi wina. Ndamuuza kuti kuno salowa alendo, koma akuti sachoka."

Chiyambire ntchito kunsanjako, palibe munthu anabwerapo kudzandifuna. Ndinatuluka. Kuseri kwa waya kunaima eni nyumba anga aja. Mpango wawo wakumutu unali utamatirira kumasaya, nsalu yonse ili chonyowa, mapatapata ali m'manja chifukwa cha matope. Dzanja linalo ananyamula chikwama changa cha paulendo, atachikulunga m'pepala la pulasitiki.

"Mayi! Mwafika bwanji kuno?"

"Ndamva, mwanangu," anatero. "Ndamva pa wailesi masana. Mfunda uja ndi mudzi uja, ndinangoti ndi mnzanga ameneyu."

Sankadziwa kumene ndinkagwira ntchito. Ankangodziwa kuti ndi kunsanja ya wailesi. Anatseka makina awo, anatsegula chipinda changa ndi kiyi wawo wapadera, n'kulongedza zitenje, duku, diresi yakuda, ndi nsapato. Kudepoti anafunsa makondakitala mpaka wina anawakweza minibasi yoyenera. Atatsika anasochera m'misewu ya kumayadi, yofanana yonse, yopanda munthu womufunsa. Anagogoda pageti lina, anangoyankhidwa ndi agalu. Ndiye anangoyang'ana kumwamba, kuona nsanjayo pamwamba pa mitengo, n'kumailondola.

Anatembenukira kwa mlonda n'kunena mokweza, pafupi ndi khutu lake labwino, "Mwanayu mayi ake amwalira!"

Bamboyo anandiyang'ana, anayang'ana kukanyumba ka jenereta, n'kuvula chipewa pamvula pomwepo. Anatulutsa kiyi n'kutsegula geti lonse, ngati mukulowa galimoto.

M'katimo mayiwo ananjenjemera ndi kuzizira. Ndinawavulira juzi yanga n'kuwapatsa mpando, unali umodzi wokha, ine ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo. Anayang'ana makabati aja, timagetsi tobiriwira, makoma opanda zenera.

"Muno ndi mmene mumakhala tsiku lonse?"

"Eya, Mayi."

"Nokha?"

"Ndekha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaika dzanja pamutu panga n'kulisiya pomwepo. Linali lozizira, lolemera.

"Mayi anu tsiku limene ankabwerera kumudzi anandigwira dzanja," anatero. "Anati, achemwali, mundiyang'anire mwanayu, kuyambira ali wamng'ono chikamupweteka sanena. Ine ndinavomera. Koma chitseko chanu chimakhala chotseka, ndiye ndimaopa kukusokonezani."

Tinakhala choncho, sipika ikuimba nyimbo za kwaya. Nthawi ya mapemphero itakwana anandifunsa kumene dzuwa limatulukira, poti m'chipindamo munthu sakanadziwa. Ndinawalozera. Anatuluka kukasamba kumaso ndi m'manja pampopi wa panja, anabwera, anayala chitenje changa chimodzi pakona, pakati pa kabati ndi khoma, n'kuswali. Ine ndinkayang'ana mamita.

Magetsi anayaka dzuwa litapendeka kwambiri. Ndinachotsa makina pa jenereta, kuwabwezera pa magetsi, n'kukaizimitsa. Posakhalitsa mnzanga uja anatulukira pa kabaza, thalauza atapinda mpaka m'mawondo. Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Pepani, achemwali. Ndangomva kumene. Pitani, za kuno musaziganize."

Ndinayamba kumuuza za madzi a m'dizilo. Anandidula. "Ndiona ndekha. Pitani."

Titafika kudepoti, minibasi za ku Ntchisi zinali zitatha, ndipo madalaivala ankati msewu wa kumudzi kwathu sungayendeke mdima ndi mvula imeneyo. Tinagona ku Old Town. Mayiwo anakana kuti ndigone ndekha, anandiyalira mphasa m'chipinda mwawo. M'mamawa nditanyamula chikwama ndinawapeza atavala kale, atatseka makina awo ndi nsalu.

"Mayi, mukupita kuti?"

"Kumaliro a mnzanga. Kapena mukufuna mukalowe m'mudzi nokha ngati mlendo?"

Tinafika azibambo atabwerako kale kokumba manda. Azimayi atandiona anayambiranso kulira, ndipo anandigwira uku ndi uku mpaka m'nyumba. Mayi anali atawagoneka pamphasa, nkhope yawo yaing'ono kuposa mmene ndinkaidziwira. Amalume anandiuza pambuyo pake kuti chifuwa chija chinabwerera mwadzidzidzi, sanagone nacho masiku ambiri. Anayesa foni yanga mpaka kutopa, ndiye mphunzitsi wina anawalangiza za wailesi. Eni nyumba anga anakhala pakati pa azimayi a chigwirizano, mpango wawo uli kumutu, osadziwa nyimbo ngakhale imodzi. Anakhala mpaka tsiku losesa, tinabwerera limodzi.

Kuchokera pamenepo chitseko changa sichinkatsekedwa kawirikawiri. Ndikaweruka ndinkakhala nawo pakhonde, kuwalowetsera ulusi pasingano, chifukwa maso awo anali atayamba kuchita chifunga. Sitinkayankhula zambiri. Ankandiuza za amuna awo amene anali wokonza mawotchi, ine ndinkawauza za akhwangwala omanga zisa pansanja. Lamlungu masana, nthawi imene ndinkaimbira kumudzi, ndi imene inkandivuta. Iwo anazindikira, ndipo ankandipezera chochita, kaya kukagula mabatani kumsika, kaya kusita nsalu za makasitomala.

Sizinakhalitse. Chaka chotsatira maso aja anafika poti sangathenso kusoka, ndipo mwana wawo wa ku Mangochi anabwera kudzawatenga. Nyumbayo anaigulitsa kwa munthu wofuna kumangapo shopu ya matayala. Tsiku lonyamuka ndinapempha tchuthi. Tinakweza katundu pa kagalimoto ka bokosi, makina osokera tinawamanga ndi zingwe za mphira pakati pa matiresi kuti asagubuduke. Mayiwo atakhala kutsogolo anatulutsa dzanja pazenera, kufufuza nkhope yanga mpaka anaipeza.

"Mwanangu, muzidya. Ndipo kumene mukupitako muzilonjera anthu."

"Ndamva, Mayi."

"Mwamva, kapena mwangovomera?"

Ndinaseka, iwonso anaseka, galimoto n'kulowa m'chipiringu cha mu Area 1, ikuimba hutala kuti onyamula katundu apatuke.

Ndinapeza chipinda china ku Area 3, kuseri kwa nyumba ya anthu amene ankakhala kunja kwa dziko. Tinkaimbirana ndi mayiwo kudzera pafoni ya mwana wawo, poyamba mwezi ndi mwezi, kenako mwa apo ndi apo. Tsiku lina nambalayo inasiya kulowa. Ndinafunsa kwa a m'mashopu oyandikana ndi pamene panali nyumba ija, koma ambiri anali atsopano, ndipo amene ankawakumbukira sankadziwa mudzi umene anapita. Kunsanja ndinakhalako madzinja ena angapo, mpaka pamene anabweretsa transimita yatsopano yotha kuyang'aniridwa pa kompyuta, ndipo ine anandisamutsira ku ofesi ku City Centre, kuchipinda cha anthu asanu.